Mawu Poyamba, Chuni Pambuyo: Momwe Rodgers ndi Hammerstein Anasinthira Masewero a Nyimbo

Mukalowa m'holo yoonetsera mpira tsiku limene Liverpool ikusewerera pakwawo ku Anfield, simulephera kupeza anyamata awiri atatu ataimirira, atakweza manja, akutsatira nyimbo imene masapota akuimba pa sikirini, ija ya "You'll Never Walk Alone". Mukawafunsa kuti mwini nyimboyo ndani, ambiri anena kuti ndi ya timu. Odziwako pang'ono atchula gulu la Gerry and the Pacemakers la mumzinda wa Liverpool, limene linaijambula mu 1963. Koma nyimboyi sinabadwire pa bwalo la mpira, ndipo kwawo si ku England. Inapekedwa ku America mu 1945, ndipo ndi nyimbo ya pamaliro. M'sewero lotchedwa Carousel, mayi wina amaimbira msuweni wake woyembekezera amene mwamuna wake wangodzibaya ndi mpeni n'kufa atalephera kuba. Amene anailemba ndi amuna awiri a ku New York: Richard Rodgers, wopeka chuni, ndi Oscar Hammerstein II, wolemba mawu.

Awiriwa anagwirira ntchito limodzi kuyambira 1942 mpaka 1960. M'zaka zimenezo analemba masewero a pa siteji 9, filimu imodzi ndi sewero limodzi la pa wailesi ya kanema. Chiwerengerocho si chodabwitsa. Chodabwitsa n'chakuti iwo atadutsa, anthu opita kukaonera sewero la nyimbo anayamba kuyembekezera chinthu china chosiyana ndi chimene makolo awo ankayembekezera. Kuti timvetse chimene chinasintha, tiyambe taona momwe zinthu zinalili iwo asanakumane.

Broadway ndi msewu wa ku New York kumene kuli nyumba zikuluzikulu za zisudzo. M'zaka za m'ma 1920 ndi 1930, sewero la nyimbo kumeneko linali ngati konsati yomangidwa ndi kaulusi ka nkhani. Nsalu ikatseguka pankatulukira atsikana ambirimbiri ovina, kenako katswiri wa nthabwala, kenako nyimbo yachikondi, kenako kuvina kwina. Nkhani inalipo, inde, koma inali yongokolekapo nyimbo. Nyimbo yabwino ankatha kuichotsa m'sewero lino n'kukaiika m'sewero lina popanda woona cholakwika, chifukwa sinali ya munthu aliyense wa m'nkhanimo. Cholinga chinali chakuti imveke pa wailesi ndi m'malo ovinira, anthu agule mapepala ake akaimbe pa piyano kunyumba.

Rodgers, amene anabadwa mu 1902, anali kale mfumu ya masewero otere. Kuyambira 1919 ankagwira ntchito ndi Lorenz Hart, mlembi wa mawu akuthwa, anthabwala koma obisa chisoni. Kagwiridwe kawo kanali kotere: Rodgers ankayamba wapeka chuni, kenako n'kumusaka Hart, kumukhazika pansi, kuti alowetse mawu m'chunimo. Ndanena kuti kumusaka chifukwa Hart anali ndi vuto la mowa, ndipo ankatha kusowa masiku angapo ntchito ili pakati. Pofika 1942 Rodgers anali atatopa.

Hammerstein anali wamkulu kwa Rodgers ndi zaka 7, ndipo zisudzo anabadwira momwemo: agogo ake aamuna, amene anatengera dzina lawo, ankamanga nyumba za zisudzo ndi za opera, bambo ake ankayendetsa holo ya zisangalalo, ndipo m'bale wa bambo akewo ankakonza masewero. Anayamba maphunziro a zamalamulo ku Columbia University n'kuwasiyira panjira. Mu 1927 iye ndi Jerome Kern analemba Show Boat, sewero limene linayerekeza kukamba za tsankho ndi za ukwati wa mzungu ndi munthu wa magazi achikuda, ndipo ndi mmene muli "Ol' Man River", nyimbo imene Paul Robeson anaitchukitsa. Koma kenako kunabwera chilala. Kwa zaka zopitirira khumi pafupifupi chilichonse chimene Hammerstein analemba chinkagwa, ndipo ku Broadway ndi ku Hollywood komwe ankamuona ngati munthu amene nthawi yake inatha. Zinthu zitadzamuyendera, anagula malo m'nyuzipepala ya Variety n'kundandalikamo masewero ake amene anakanika aja, ndi kulemba pansi pake kuti anachitapo zotere ndipo akhoza kudzachitanso. Munthu wodziseka yekha chotero ndimamukhulupirira.

Chimene chinawalumikiza ndi bungwe la Theatre Guild, limene panthawiyo linali pafupi kutha ndi ngongole. Linkafuna kusandutsa sewero la Lynn Riggs la mu 1931, Green Grow the Lilacs, kuti likhale la nyimbo. Bungwelo litapempha Rodgers ndi Hart, Hart anakana, nati nkhani ya oweta ng'ombe si yake, n'kunyamuka ulendo wa ku Mexico. Rodgers anapita kwa Hammerstein.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Hammerstein, pa ntchito yake ndi Kern ndi ena, nthawi zambiri ankalandira chuni chopangidwa kale. Tsopano anagwirizana zotembenuza: mawu aziyamba, chuni chizibwera pambuyo. Zikumveka ngati kanthu kakang'ono ka m'khitchini mwa oimba, koma taganizani. Wolemba amene walandira chuni amakhala ngati telala amene wapatsidwa diresi losoka kale kuti alipezere munthu womukwana. Akayamba ndi mawu, amayamba ndi munthu: uyu ndani, waima pati, akufuna chiyani, ndipo n'chiyani chimene sangathe kuchinena ndi pakamwa pokha mpaka achite kuimba? Komanso Hammerstein ndi amene ankalemba nkhani yonse ya sewero ndi zokambirana zake, kotero ankadziwa malo enieni amene kulankhula kwafika pothera.

Ife amene tinakulira pa nthano za madzulo sitifunika kuphunzitsidwa zimenezi. Agogo akati "Padangokhala", ife n'kuti "Tilitonse", tinkadziwa kuti penapake pabwera nyimbo, ndipo nyimboyo siinali yopumulira. Ndi kambalame kamene kakuulula amene anapha mwana, ndi mtsikana amene ali m'ng'oma akuitana amayi ake. Mukaichotsa nyimboyo nthano yagwa, chifukwa chinsinsi chili m'nyimbomo. Chimene Rodgers ndi Hammerstein anachita ndi kupangitsa sewero la ndalama zambiri la mumzinda kuti lizimvera lamulo lomwelo. Sanali oyamba kuyesa. Show Boat ija inali itayesa kale, ndipo Pal Joey ya Rodgers ndi Hart ya mu 1940 nayo inayesa. Koma Rodgers ndi Hammerstein ndi amene anasonyeza kuti njirayi ikhoza kudzaza holo kwa zaka zisanu.

Sewero la Theatre Guild lija linayamba kuyesedwa mumzinda wa New Haven lili ndi dzina lakuti Away We Go!, ndipo mbiri imene inafika ku New York inali yoti mulibe miyendo ya atsikana, mulibe nthabwala, silipita patali. Linatsegulidwa pa 31 Malichi 1943 ku St. James Theatre litasinthidwa dzina kukhala Oklahoma! Nsalu itatseguka, anthu sanaone gulu lovina. Anaona mayi wachikulire mmodzi atakhala panja pa nyumba ya pafamu akupukusa mkaka kuti apange batala, ndipo chapatali, kuseri, kunamveka mawu a mwamuna mmodzi akuimba za kukongola kwa m'mawa. Mawu a nyimbo yotsegulira imeneyo anamutengera Hammerstein pafupifupi milungu itatu. Rodgers atawalandira anapeka chuni chake m'mphindi ngati khumi. Zinkakhala choncho kawirikawiri, ndipo Rodgers ankadana ndi nkhani zomutama kuti ndi wachangu, ponena kuti mphindi khumizo zinkabwera pambuyo pa miyezi yokambirana za munthu woimbayo.

Nkhani yake ndi yaing'ono zedi. Ndi mu 1906, dera la Oklahoma lisanakhale chigawo cha United States, ndipo funso ndi lakuti mtsikana Laurey apita ndi ndani ku phwando, Curly woweta ng'ombe kapena Jud wantchito wa pafamu. Koma Agnes de Mille, amene anakonza magule, anatenga mantha a mtsikanayo n'kuwasandutsa loto lovinidwa la mphindi pafupifupi 15, mmene timaona kuti Laurey amamuopa Jud komanso china chake mwa iye chimamukoka. Gule nayenso anasiya kukhala chokongoletsa, n'kuyamba kunena zimene munthu sangazinene. Sewerolo linaonetsedwa ka 2,212 ku Broadway, chiwerengero chimene sewero la nyimbo linali lisanafikepo kumeneko. Inali nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo asilikali ambiri odutsa ku New York ankaonera chithunzi cha kumudzi kumene ankakumenyera nkhondo. Chithunzicho chinali chotsukidwa: dziko limenelo linali la Amwenye a ku America amene anathamangitsidwirako, Riggs mwiniwake anali ndi magazi a mtundu wa Cherokee, koma m'seweromo simuoneka mmodzi yemwe. Kampani ya Decca inajambula osewera enieniwo pa mbale za galamafoni, n'kugulitsa zoposa miliyoni imodzi, ndipo kuyambira pamenepo chimbale cha osewera oyamba chinasanduka mwambo wa Broadway. Hart anaonera usiku woyamba n'kumuyamikira mnzake wakaleyo. Anamwalira mu Novembala chaka chomwecho ali ndi zaka 48.

Kwa ine ntchito yawo yaikulu ndi yachiwiri, Carousel, ya mu Epulo 1945, ndipo Rodgers nayenso ankati ndi imene ankaikonda kuposa zonse. Anaitenga ku sewero la Ferenc Molnár wa ku Hungary lotchedwa Liliom, n'kusamutsa nkhani kuchoka ku Budapest kupita kugombe la Maine. Billy ndi wokopa makasitomala pa katungwe wozungulira wa pachionetsero, wokongola, waukali, wopanda pogwira. Julie amagwira ntchito m'fakitale ya nsalu. Chakumayambiriro awiriwa amatsala okha pa benchi madzulo, onse atachotsedwa ntchito chifukwa cha kukhala pamenepo. Vuto la wolemba ndi ili: anthu amene angokumana kumene sangaimbe kuti "ndimakukonda", oonera aseka. Ndiye Hammerstein anawapatsa nyimbo ya "ndikanakhala kuti ndimakukonda". Aliyense akufotokoza momwe akanachitira manyazi, momwe mawu akanamuthawira, zikanakhala kuti akukonda, koma akuti sakukonda ayi. Aliyense amene anaperekezapo mtsikana kuchokera kuchigayo akukamba za mvula ndi mitengo ya chimanga, chenicheni chili pakhosi, akudziwa chimene chikuchitika pa benchipo. Kwa mphindi zoposa khumi kulankhula kumalowa m'kuimba, kuimba n'kubwerera m'kulankhula, zoimbira zikungolira pansipansi, moti simungaloze pamene nyimbo yayambira. Njira yomweyi ya chikondi chokanidwa ndi pakamwa anali ataigwiritsa kale ntchito mu Show Boat ndi mu Oklahoma!, koma apa ndi pamene inapsa.

Kenako Billy akamva kuti Julie ndi woyembekezera, amatsala yekha pa siteji n'kuimba kwa mphindi zoposa 7. Amayamba ndi kudzitama za mwana wamwamuna amene adzamutche dzina lake. Pakati pa nyimbo ganizo limamugunda: nanga akadzakhala wamkazi? Mwana wamkazi amafuna bambo weniweni, chakudya, zovala. Pofika kumapeto kwa nyimboyo watsimikiza kuti ndalama azipeza, kaya kuba kaya kufa. Munthu amene anayamba nyimbo si amene waimaliza. Chimenechi ndicho akatswiri amatanthauza akamati nyimbo ikuyendetsa nkhani.

Carousel ili ndi chilonda chimene sichipola. Billy, mwamuna wodzibaya ndi mpeni uja, amamenya mkazi wake, ndipo atabwerako kwa akufa kwa tsiku limodzi amamenyanso mwana wake pa dzanja. Kenako sewero limalola Julie kuuza mwanayo kuti n'zotheka munthu kukumenya kwambiri iwe osamva kuwawa. Amene timadziwa nyimbo za pachinkhoswe zolangiza mkazi kupirira, mawu otere sitikuwamva koyamba, ndipo tikudziwa kumene amathera. Okonza sewero masiku ano ena amawachotsa, ena amawasiya kuti oonera anyansidwe nawo. Ine ndimati awasiye, koma wosewera Julie asawanene ngati nzeru.

Chaka chomwecho analemba nyimbo za State Fair, filimu yokhayo imene anailembera mwachindunji, ndipo "It Might as Well Be Spring" inapata mphoto ya Oscar. Iwo sankaikonda Hollywood, chifukwa onse awiri anali atagwirako ntchito m'ma 1930 n'kuona momwe wolemba amasandukira waganyu. Phunziro limenelo analisunga. Anakhazikitsa kampani yawoyawo yosindikiza nyimbo, Williamson Music, dzina lochokera kwa abambo awo amene onse anali a William. Anayamba kukonza masewero a anthu ena, kuphatikizapo Annie Get Your Gun ya Irving Berlin mu 1946, ndipo kuyambira South Pacific ankakhala eni ake a masewero awo omwe. Oklahoma! anakana kuigulitsa ku makampani a mafilimu mpaka itatha kudya ndalama za pa siteji ku New York, ku London ndi m'mizinda ya America. Filimu yake inatuluka mu 1955, patatha zaka 12, iwo ali ndi ulamuliro pa kapangidwe kake. Oimba athu amene amadandaula za ndalama za umwini wa nyimbo angapezepo chowaganizitsa apa.

Koma dzanja logwira chuma linali louma. Joshua Logan, amene anathandiza kulemba nkhani ya South Pacific chifukwa Hammerstein sankadziwa kalankhulidwe ka asilikali, dzina lake linalembedwa koma sanapatsidwe gawo la ndalama za olemba, ndipo anadandaula za zimenezi mpaka m'buku la moyo wake. Robert Russell Bennett ndi amene m'masewero ambiri ankatenga chuni cha pa piyano n'kuchigawira zoimbira zonse. Trude Rittmann, mayi wothawa ku Germany, ndi amene ankaluka nyimbo za magule ndi zolumikiza zigawo. Mawu akuti Rodgers ndi Hammerstein amaphimba manja ambiri.

Allegro ya mu 1947, nkhani ya dokotala amene akutayika chifukwa cha kutchuka, inali yoyesa zachilendo ndipo sinakondedwe kwenikweni. Imakumbukika chifukwa cha mnyamata wa zaka 17 amene ankatumidwatumidwa kuseri kwa siteji, Stephen Sondheim, amene Hammerstein anamulera ngati mwana wake n'kumuphunzitsa ntchito.

South Pacific inatsegulidwa pa 7 Epulo 1949, kuchokera ku nkhani za James Michener za nkhondo ya pa zilumba za Pacific. Namwino wa asilikali, Nellie wa ku Little Rock, mzinda wa kummwera kwa America, wakonda mlimi wachifalansa, koma akumva kuti mwamunayo ali ndi ana awiri amene anabereka ndi mkazi wa pachilumba, wakhungu lakuda, mtima wake ukubwerera. Msilikali wachinyamata, Cable, wakonda mtsikana wa ku Tonkin, kumpoto kwa Vietnam wa lero, koma akudziwa kuti kwawo ku Philadelphia sangapite naye. Nellie akunena kuti sangachitire mwina, anabadwa nazo. Cable akuyankha ndi nyimbo yaifupi, yowawa, "You've Got to Be Carefully Taught", yonena kuti chidani munthu sabadwa nacho, amachita kuphunzitsidwa ali mwana ndi abale ake omwe. Kumbukirani kuti mu 1949 sukulu za kummwera kwa America zinali zosiyanitsa mitundu mwalamulo, ndipo ku South Africa apartheid inali itangoyamba chaka chapitacho. Anthu ambiri anawalangiza kuti aichotse, anakana. Mu 1953 sewerolo litafika ku Atlanta, aphungu ena a nyumba ya malamulo ya Georgia analidzudzula kuti likufalitsa maganizo a chikomyunizimu. Hammerstein sankangolemba: ankathandiza bungwe la Welcome House la Pearl Buck, lopezera mabanja ana a magazi osakanikirana amene mabungwe ena ankawakana. Sewerolo linaonetsedwa ka 1,925 ndipo linapata mphoto ya Pulitzer mu 1950. Komabe onani bwino mathero ake: Nellie akulandira ana aja, koma mayi wawo anamwalira kale, ndipo Cable akuphedwa kunkhondo asanakwatire. Ukwati wosakanikirana umene sewero likuuteteza suoneka pa siteji.

Malire a maso awo amaonekera kwambiri mu The King and I ya mu 1951. Ndi nkhani ya Anna Leonowens, mphunzitsi amene anapita ku Siam, dziko limene lero ndi Thailand, mu 1862 kukaphunzitsa ana a Mfumu Mongkut. Monga sewero, ndi laluso: mfumu ndi mphunzitsi sanenana za chikondi ngakhale kamodzi, ndipo zonse zimene sangathe kunena zimatulukira pamene mfumu ikuika dzanja m'chiuno mwake kuti avine. Yul Brynner anasewera mfumuyo ka 4,625 pa moyo wake, n'kupatanso Oscar pa filimu ya mu 1956. Koma Mongkut weniweni anakhala mmonke wa Chibuda zaka 27 asanalowe ufumu, ankadziwa Chipali, Chilatini ndi Chingerezi, ndipo anawerengetsa molondola kadamsana wa mu 1868. Sanali mwana wamkulu wopsa mtima wodikira mayi wachizungu kuti amuphunzitse ulemu. Filimuyo ndi yoletsedwa ku Thailand. Nkhani ya mlendo wobwera ndi choko kudzatsegula anthu m'maso ife timaidziwa, ndipo timadziwa amene amailemba.

Za m'ma 1950 zotsalazo tingadutsepo mwachangu. Me and Juliet ya mu 1953 ndi Pipe Dream ya mu 1955 zinali zofooka. Cinderella anailembera wailesi ya kanema ya CBS, ndipo usiku umodzi wa pa 31 Malichi 1957 anthu oposa 100 miliyoni anaonera Julie Andrews, amene anali ndi zaka 21. Flower Drum Song ya mu 1958 inakamba za mabanja achitchaina a ku San Francisco, ndipo osewera ake ambiri anali a magazi a ku Asia, chinthu chosowa panthawiyo.

Mwina mukuganiza kuti anthu ogwirizana chotero anali pa ubwenzi wa ponda apa nane mpondepo. Ayi. Hammerstein ankalemba ali chiimire pa desiki lalitali kufamu yake ku Doylestown, m'chigawo cha Pennsylvania, akuyendayenda, tsiku lonse n'kupeza mwina mizere iwiri. Rodgers ankakhala ku New York ndi ku Connecticut. Mawu ankatumizidwa pa positi kapena kuwerengedwa pa foni. Akazi awo onse anali a Dorothy, ndalama ankagawana pakati ndi pakati, pagulu sankatsutsana. Koma Logan anasimba kuti Hammerstein atavutika milungu isanu ndi mawu a "Hello, Young Lovers" n'kuwatumiza, anadikira masiku osamva kanthu, ndipo Rodgers atadzaimba foni pa nkhani ina anangotchula mongodutsa kuti mawu aja akukwana bwino. Hammerstein zinamupweteka, koma anakadandaula kwa Logan, osati kwa mwini wake. Rodgers anali atatha zaka 24 akulera Hart, mnzake wa ntchito woyamba uja, ngati mwana. Mwina chimene ankafuna tsopano chinali munthu wofika pa nthawi yake, mapepala ali m'manja, basi.

The Sound of Music, imene ambiri kuno timaidziwa kuposa zonse, ndi imene Hammerstein anaikamo dzanja pang'ono. Amene analemba nkhani yake ndi Howard Lindsay ndi Russel Crouse. Iye analemba mawu a nyimbo okha. Inatsegulidwa pa 16 Novembala 1959, Mary Martin akusewera Maria, ndipo inaonetsedwa ka 1,443 ngakhale olemba m'nyuzipepala ankati shuga wachuluka. Amene munaimbapo kwaya ya mpingo mukudziwa do re mi fa so imene aphunzitsi a kwaya amalemba pa bolodi. Nyimbo ya "Do-Re-Mi" ndi phunziro lomwelo, ndipo mbali ija imene mwana aliyense amagwira liwu lake n'kumalukana ndi anzake ndi ntchito ya Rittmann. Zoona zake za banja la von Trapp n'zosiyana ndi za m'sewero: Maria anakwatiwa ndi Captain Georg von Trapp mu 1927, osati a Nazi atatsala pang'ono kulowa m'dziko la Austria, ndipo mu 1938 sanakwere mapiri usiku, anakwera sitima ya pamtunda kupita ku Italy. Akanawoloka mapiri a pafupi ndi Salzburg akanatsikira ku Germany.

Akukonzekera sewerolo, madokotala anapeza kuti Hammerstein ali ndi khansa ya m'mimba. Sewero likuyesedwa ku Boston, anaona kuti Captain von Trapp akusowa nyimbo yotsanzikira dziko lake, ndipo wosewerayo, Theodore Bikel, ankadziwa gitala. Analemba "Edelweiss", kanyimbo ka duwa loyera la m'mapiri, kosavuta moti mpaka lero alendo opita ku Austria amaganiza kuti ndi nyimbo ya makolo a kumeneko, ena mpaka kuiyesa nyimbo ya fuko. Ndi mawu omaliza amene analemba. Anamwalira pa 23 Ogasiti 1960 ali ndi zaka 65, ndipo pa 1 Sepitembala magetsi a ku Times Square anazimitsidwa kwa mphindi imodzi.

Filimu ya mu 1965 sanaione, ndipo ndi chitsanzo chabwino cha kusiyana kwa siteji ndi kamera. Pa siteji munthu akayamba kuimba timavomereza, chifukwa chilichonse pamenepo n'chongoyerekeza. Kamera imaonetsa udzu weniweni ndi thukuta lenileni, ndiye kuimba kumafuna chifukwa champhamvu. Ernest Lehman, amene analemba filimuyo, anasuntha nyimbo. "My Favorite Things", imene pa siteji Maria amaimba ndi mkulu wa masisitere mu ofesi, anaipititsa kuchipinda usiku wa mabingu, ana atathawira pa bedi lake ndi mantha. "Do-Re-Mi" anaitulutsa m'nyumba n'kuimwaza m'misewu, pa njinga ndi pa masitepe a Salzburg, kotero kuti nyimbo imodzi ikutionetsa milungu ingapo ya ana akuzolowerana ndi mlezi wawo. Siteji singachite zimenezo. Filimu ilinso ndi chinyengo chake: mawu oimba a Christopher Plummer, wosewera Captain von Trapp, ndi a Bill Lee, monganso a Deborah Kerr, wosewera Anna mu The King and I, anali a Marni Nixon, amene mu The Sound of Music amaoneka pang'ono ngati mmodzi wa masisitere. Robert Wise anaitsogolera, inapata ma Oscar asanu, inaposa Gone with the Wind pa ndalama zolowa, ndipo inadzutsa kampani ya 20th Century Fox imene filimu ya Cleopatra inatsala pang'ono kuigwetsa. Ku Austria ndi ku Germany anthu sanaiyang'ane n'komwe kwenikweni.

Nyimbo ziwiri zatsopano za m'filimuyo, "I Have Confidence" ndi "Something Good", Rodgers analemba yekha mawu ndi chuni chomwe. Anakhala zaka zina 19 akugwirabe ntchito. No Strings ya mu 1962, mmene Diahann Carroll, mkazi wakuda, anasewera wokondana ndi mzungu, inayenda bwino. Mu 1965 anayesa kugwira ntchito ndi Sondheim, mwana wa ntchito wa mnzake uja, pa Do I Hear a Waltz?, ndipo anakangana koopsa. Anayesa ndi olemba ena mpaka chaka chimene anamwalira, 1979, koma palibe sewero limene linafikanso pa asanu akuluakulu aja: Oklahoma!, Carousel, South Pacific, The King and I ndi The Sound of Music.

Umwini uja anausunga mwakhama unapitirira kubereka. Mabanja awo anagulitsa kampaniyo mu 2009 ku Imagem ya ku Netherlands, ndipo mu 2017 inapita m'manja mwa Concord. John Coltrane anali atatenga kale "My Favorite Things" n'kuisandutsa jazi ya mphindi pafupifupi 14 pa chimbale cha mu 1961. Mu 2019 Ariana Grande anatenga chuni chomwecho n'kuimbirapo za ndalama ndi mphete za diamondi mu "7 Rings", ndipo 90 peresenti ya ndalama za olemba nyimboyo inapita kwa eni umwini wa Rodgers ndi Hammerstein, wina atagona m'manda zaka pafupifupi 40, wina pafupifupi 60.